Tsiku Limene a Gerishon Anapereka Chigayo kwa Mulungu

Ku Lisungwi kuno mukafuna kuti mayi Falesi asiye kuseka, ingotchulani mawu akuti masika. Nkhope imasintha pompo. Masiku ano ena amaikamba nkhaniyi akuseka, koma amene analipo m'tchalitchi tsiku limenelo amati palibe anaseka. Anthu anangoti kukamwa yasa, ngati aona mbuzi ikutsegula Baibulo.

Mayi Falesi anali akazi a a Gerishon, aja a chigayo. Ndipo chigayocho musachione choncho, sichinabwere mwamasewera. A Gerishon anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ukwati udakali wauwisi, n'kuwasiya a Falesi ali ndi pakati pa mwana wawo Lonely. Mayiwo analima okha, anadwazika mwana okha, anthu akuwauza kuti amuna a ku Joni sabwerera, angokwatiwa ndi wina. Iwo anakana. Ndipo bambowo anabweradi, chifuwa chili kho kho kho, chala chimodzi palibe, koma ndalama atasunga. Anakagula injini ku Blantyre n'kumanga shedi ya malata kuseri kwa nyumba, pamalo a kwawo kwa a Falesi, poti iwo anali mkamwini.

Dera lonselo chigayo chinali chokhacho. Amayi ankachokera ku Matope konse atasenza madengu. M'mawa injini ikangoti tu tu tu, a Falesi mtima unkakhala m'malo. Anasiya kusinja, manja anafewa, mtondo wawo nkhuku inayamba kuikiramo mazira. Lonely ankapita kusukulu atavala nsapato, eti nsapato, pamene ana a aphunzitsi enieni ankayenda pansi.

Ndiye chaka china, makwacha atangolowa kumene m'malo mwa mapaundi, kunabwera bambo wa msonkho wochokera ku Blantyre, dzina lawo a Jameson. Osati msonkho uja wa mwamuna aliyense umene amesenjala amathamangitsira anthu ayi. Uwu unali wa phindu, wa anthu a magolosale ndi zigayo, woti ukamapeza zambiri nawonso amadula kwambiri. A Jameson anali aafupi, oyankhula motsitsa, oyenda ndi ambulera ngakhale kulibe mvula. Ankapereka moni kwa aliyense, mpaka anthu anayamba kuwaopa chifukwa cha ulemuwo.

A Gerishon atamva kuti bamboyo afikanso kuchigayo, anapita kwa mnzawo a Jimu, telala wa pakhonde la sitolo. A Jimu ndi munthu woti ku Blantyre sanapondeko, koma malamulo onse a boma amawadziwa ngati anawasoka okha.

"Iwe Gerishon, ukuvutikiranji?" anatero a Jimu, singano ili kukamwa. "Chipatala cha mishoni chimalipira msonkho? Sukulu ya mishoni imalipira? Za mpingo boma silikhudza. Ungomuuza kuti chigayo ndi cha mpingo, basi, aziyenda."

Izi a Falesi sankazidziwa. Zimene iwo anaona ndi za Lachisanu. Anali pakhonde akusankha nyemba, a Jameson ndi amuna awo ali pakhomo pa shedi, akukuwirana m'makutu chifukwa cha phokoso la injini. Anaona amuna awo akuloza cha kutchalitchi, akudzigwira pachifuwa, akulozanso kutchalitchi. Kenako a Jameson anadzera pakhonde paja, n'kuvula chipewa.

"Mayi, Mulungu akudalitseni inu ndi bambo. Anthu otere ndi osowa. Ndawauza kuti Lamulungu ndidzapemphera nanu, ndidzacheze ndi akulu a mpingo."

Atachoka, a Falesi anafunsa, "Abambo ake Lonely, mwachita chiyani choti mpaka wa msonkho akudalitseni?"

"Nkhani za amuna," anatero a Gerishon. Koma thukuta linali kamukamu, ndipo tsiku limenelo anazimitsa injini dzuwa likadali pamutu.

Abale inu, bodza linali litawakola. Akulu a mpingo sankadziwa kanthu, ndipo a Jameson anali kubwera kudzawafunsa. Mwayi wake, kapena tinene kuti tsoka lake, Lamulungu limenelo linali la masika.

Kwa amene simudziwa, masika kwathu amayenda chonchi. Anthu akakolola, banja lililonse limabweretsa kanthu kutchalitchi, wina dengu la chimanga, wina maungu, wina nkhuku. Amaziika kutsogolo, abusa amazipempherera, ndipo zikatero zasanduka za Mulungu. Mapemphero akatha amazitulutsa panja n'kuzigulitsa, wotchula mtengo waukulu ndiye amatenga. Koma pali kachizolowezi kena. Mwini wake wa chinthu akatchula mtengo, anzake amangomusiyira. Ndiye anthu ambiri amabwera ndi tambala m'mawa, masana n'kubwerera naye yemweyo, Mulungu atalandira, tambala atangoyendako.

A Gerishon anaganiza kuti chigayo nachonso chingayendeko ngati tambala.

M'mawa wa Lamulungu a Falesi anasenza dengu la mtedza. Amuna awo anatuluka mu shedi atanyamula chinthu chokulunga m'chiguduli, chikuwalemera mbali imodzi.

"Kodi mwanyamula chiyani?"

"Chopereka."

"Chopereka cholemera chotero? Mwakulunga mwala?"

"Make Lonely, tamvera. Chilichonse chimene uone lero, usayankhule. Masana tibwerera nacho."

A Falesi anawayang'ana, koma belu linali litayamba kulira, ndipo anangofulumira.

M'tchalitchi munadzaza. A Jameson anawakhazika pabenchi ya kutsogolo ngati mlendo, ambulera ili pakati pa miyendo. Nyimbo ya chopereka itayamba, anthu anandanda. A Falesi anatula mtedza wawo n'kubwerera kumbali ya amayi. Atangokhala pansi anamva chitsulo chikuti ngwe pa simenti. Anadzutsa mutu. Amuna awo anali atamasula chiguduli chija, ndipo pakati pa maungu ndi nkhuku panali handulo, chitsulo chokhota chija amapukusira injini kuti ilire. Popanda chimenecho chigayo ndi chitsulo chogona basi.

Nyimbo inayamba kuzilala yokha. Abusa a Ezekiele, okalamba ndithu, anatsitsa magalasi n'kuwerama.

"A Gerishon, ichi n'chiyani?"

"Handulo ya chigayo, abusa."

"Oho. Ndiye mukupereka chitsulo chokhachi?"

A Falesi anaona amuna awo akutembenuza diso cha kubenchi ya kutsogolo. A Jameson anali atapendeketsa mutu, khutu lili tcheru. A Gerishon anameza malovu, mpaka amayi a kumbuyo akuti anamva.

"Ayi abusa. Chigayo."

"Chigayo?"

"Eya."

"Chonse?"

"Chonse, abusa."

M'tchalitchi munati zii. Ngakhale nkhuku zomangidwa zija zinangokhala duu. A Falesi anamva ngati benchi yachoka pansi pawo. Misozi inayamba kutsika m'masaya. Kenako mayi Stelia, mtsogoleri wa amayi, amene anakhala pambali pawo, analiza nthungululu m'khutu mwawo mwenimweni, tchalitchi chonse n'kulandira.

"Anzanga, mwabisa bwanji!" anatero mayi Stelia akuwagwedeza mapewa. "Tinali limodzi kudambo dzulo lomweli, osandinong'oneza? Lirani, mayi, lirani, ndi misozi ya chimwemwe imeneyo."

Abusa nawonso anali kulira. Ananyamula handulo ija ndi manja awiri ngati khanda.

"Abale," anatero, "mpingo uno tinaulembetsa ku boma kalekale, tinasankha akulu oti azisunga katundu wake, amene boma limawatcha matrasitii. Koma kuyambira tsiku limenelo akhala akusunga chiyani? Mabenchi awa ndi limu ya galimoto imene timaliza ngati belu. Ndakhala ndikulirira amasiye a muno. Lero Mulungu wayankha kudzera mwa munthu amene, kunena zoona, sindinkamuganizira."

Anaitana akulu onse. Anasanjika manja pa handulo, anapemphera pemphero lalitali, anatchula injini, anatchula lamba wake, anatchula malata a shedi. Chilichonse chikatchulidwa mpingo unkati ameni, ndipo ameni aliyense ankawalasa a Falesi ngati minga. Amuna awo anaima pomwepo maso ali otsegula, akumwetulira ngati munthu amene waponda moto pamaso pa apongozi.

Atatuluka, a Falesi anawapeza pansi pa mtengo wa masau.

"Mwapenga?" ananong'ona. "Inu bambo inu, mwapenga?"

"Khala chete. Akayamba kugulitsa ndiigula. Ndani angalimbane nane pa handulo yanga? Wa msonkhoyu waona ndi maso ake, akalemba kuti ndi cha mpingo, mawa tikuliza injini ngati kale."

Apa m'pamene a Falesi anamvetsa zonse. Mtima unatsikako pang'ono.

Wogulitsa anali a Zefaniya, mkulu wa mpingo, amenenso anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Anakwera pampando n'kuyamba. Maungu anapita. Mtedza unapita. Atambala anabwerera kwa eni ake, anthu akuseka. Mbuzi ya a Jimu inabwerera kwa a Jimu. A Gerishon anali kutsogolo, dzanja lili m'thumba, akusuzumira mulu wa katundu uja ukutha. Pomaliza a Zefaniya anakutumula manja n'kutsika.

"Zatha, abale. Ambuye alemekezeke."

"A tcheya," anatero a Gerishon, mawu atachepa ngati a mwana, "nanga handulo ija?"

"Handulo? Ili ndi abusa."

Abusa anayandikira, handulo ili m'khwapa, atakulunga m'nsalu yoyera ya patebulo.

"Abusa, ndimayesa igulitsidwa. Monga mwa masika."

"Igulitsidwe?" Abusa anadabwa zenizeni. "A Gerishon, tingakuchititseni manyazi otero? Nkhuku timagulitsa chifukwa tilibe khola. Maungu amaola. Koma mphatso ngati iyi, tiike pampando anthu azitchula mitengo? Ayi, mwana wanga. Chigayo chimenechi sichidzagulitsidwa ine ndili moyo."

A Falesi anagwira mtengo wa masau, osamva n'komwe minga.

Nthawi yomweyo a Jameson anafika, ambulera itatambasulidwa. Abusa anawakodola.

"Bambo, poti muli pano, tithandizeni. Ife za zigayo sitizidziwa. Boma lizitidula bwanji?"

"Silikudulani, abusa," anatero a Jameson mofatsa, anthu n'kuunjikana kuti amve. "Katundu akakhala m'manja mwa matrasitii a mpingo, ndipo phindu lake lonse likupita ku ntchito za mpingo ndi zachifundo, amasiye, odwala, ana a sukulu, boma silitengapo kanthu. Koma mumve bwino, ndati lonse. Lisalowe m'thumba mwa munthu."

"Nanga wopereka uja?" anafunsa a Gerishon. "Kangachepe chabe, ka sopo?"

"Wopereka wapereka, bambo. Ngati akudyabe phindu ndiye kuti chinthucho chikadali chake, dzina la mpingo wangolifunda ngati bulangete. Ameneyo amalipira msonkho wonse, komanso amakhala kuti wanamiza boma."

"Muno mu Lisungwi mulibe wonamiza boma," anatero a Zefaniya mokweza, akuyang'ana anthu mmodzimmodzi. "Akanakhalamo ine ndikanamudziwa."

Anthu anaweramitsa mitu. Aliyense anakumbukira a Laimoni a golosale, amene anangoyankhula mothamanga pa nkhani ya makadi a chipani. Galimoto inabwera kudzawatenga masanasana. Anabwerako tsitsi litachita mbuu, ndipo mpaka lero ukawapatsa moni amayamba ayang'ana kumbuyo.

A Jameson anakanda pachibwano. "Pali kamodzi kokha kakundisokoneza. Lachisanu bambowa anandiuza kuti chigayo ndi cha mpingo kale. Koma lero m'pamene ndaona akupereka, ndipo abusa akuoneka kuti amva lero lomwe. Kaya ndi phokoso la injini lija, mwina sindinamve bwino."

A Zefaniya anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana a Gerishon.

"Tifunse mayi," anatero a Jameson. "Ndamva kuti shedi ili pamalo a kwanu. Mayi, inu ndinu a m'nyumba, mukudziwa zonse. Chigayochi ndi cha ndani?"

Maso onse anagwera pa a Falesi.

Iwo ankadziwa kuti mawu amodzi okha akwanira. Akangoti n'chathu, abusa sakanalimbana nawo, handulo ikanabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Anaona m'maganizo mwawo zaka zija ankagona okha mvula ikudontha, anaona chala cha amuna awo chimene chinatsala pansi pa nthaka ya eni, anaona nsapato za Lonely. Ndiye anayang'ana bambowo. Anaima pamenepo jekete la ku Joni likuwakhwepa, khosi lili lowonda, chifuwa chikulira ngati mluzu wosweka. Munthu wotere kumene anapita a Laimoni sangakathe ngakhale dzinja limodzi.

"Mayi?" anatero a Zefaniya.

A Falesi anagwada, monga amachitira mayi poyankhula ndi akuluakulu.

"Munamva bwino, bambo. Anapereka kalekale mumtima. Lero angobweretsa chitsulo."

Mayi Stelia analizanso nthungululu. Abusa anati ameni. A Zefaniya anawomba m'manja n'kunena kuti nkhani imeneyi akaikamba pamsonkhano, anthu aphunzire. A Jameson anawayang'ana a Falesi nthawi yaitali ndithu, kenako anavula chipewa n'kuwerama pang'ono. Ena amati bamboyo anadziwa zonse, ena amati sanadziwe.

Panjira yobwerera a Falesi anali patsogolo, dengu lopanda kanthu lili pamutu, amuna awo akutsatira kumbuyo ngati mlendo. Anthu ankawaimitsa kuti awagwire chanza. Gogo wina wamasiye anagwira miyendo ya a Gerishon akulira. Atalowa m'nyumba, a Falesi anatseka chitseko.

"Masana tibwerera nacho," anatero. "Si mmene munanenera? Chili kuti?"

"Make Lonely, ine ndimayesa..."

"Mumayesa Mulungu ndi a Jimu, woti mungamubwereke jekete madzulo n'kubweza?"

"Jimu ndi amene anati..."

"A Jimu abwerera ndi mbuzi yawo! Ndawaona ine, akuikoka pachingwe, ikulira bwinobwino. Inu mwabwerera ndi chiguduli."

A Gerishon anayang'ana m'manja mwawo. Analidi atanyamula chiguduli chija. Anakhala pansi pakhomo la kuchipinda, n'kuchiika kumaso.

"Ukanangonena kuti n'chathu," anatero mawu ali m'chigudulimo.

"Ndikananena. Bwenzi pano ndikukupindirani bulangete loti mupite nalo kundende. Ndinakudikirani kamodzi, bambo. Kachiwiri sindikanatha."

Sabata yomweyo akulu a mpingo anapita ku Blantyre ndi a Gerishon kukalembetsa chigayo m'dzina la matrasitii. Atabwerako panabuka vuto, palibe mkulu ngakhale mmodzi amene ankadziwa kuliza injini. A Zefaniya anayesa, handulo inabwerera n'kuwamenya pachigongono. Ndiye anagwirizana zowalemba ntchito a Gerishon, aziwalipira pamwezi. Ndipo tamverani izi. A Jameson asanachoke anadzera kuchigayo kudzatsanzika, n'kuwakumbutsa mwaulemu kuti mpingo ndiwo sulipira, koma wantchito wa mpingo amalipira msonkho pa malipiro ake ngati wina aliyense. A Jimu atamva anati zimenezo iwo ankazidziwa, kungoti sanafunsidwe.

Ufa utatha m'nyumba, a Falesi anatenga dengu la mphale n'kuzungulira kuseri, mmene ankachitira nthawi zonse. Anapeza mzere wa amayi wafika kumsewu, ndipo pakhomo pa shedi pali mayi Stelia, atakhala pampando, mbale yolandirira ndalama ili pamiyendo.

"Anzanga, kumbuyo," anatero mayi Stelia akumwetulira. "Pepanitu, ndi lamulo la akulu. Aliyense pamzere."

"Pakhomo panga pomwe?"

"Pakhomo ndi panu, chigayo ndi cha Ambuye. Komanso mwatenga kolipira? Ulere ndi wa amasiye okha."

A Falesi anayang'ana mkati. Amuna awo anali pamenepo, ali mbuu ndi ufa kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, akuthira chimanga cha gogo wamasiye uja.

"Amasiye okha?"

"Okhaokha."

"Mukanandiuza Lamulungu lija," anatero a Falesi, "mwina ndikanayankha zina."

Amayi a pamzere anagwira pakamwa. Ena anaseka, ena anaopa kuseka. A Falesi anatembenuka ndi dengu lawo. Anapita pakhonde, anathamangitsa nkhuku mu mtondo, anachotsa mazira, anautsuka. Munsi anaupeza kudenga utadyedwa ndi anankafumbwe mbali imodzi. Anayamba kusinja pomwepo, pabwalo, anthu onse a pamzere akuona.

Dzuwa litapendeka mzere unatha, mayi Stelia anapita kukapereka mbale kwa abusa. A Gerishon anatuluka mu shedi, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyandikira mwakachetechete. Manja a a Falesi anali atatuluka kale matuza.

"Make Lonely, bwera nayo mphaleyo ndigaye msanga. Injini ikadali yotentha. Palibe aone."

A Falesi anaimitsa munsi m'mwamba.

"Boma munalinamiza, ine n'kukuwombolani. Tsopano mukufuna mubere Mulungu? Kumeneko akakuwombolani ndani?"

A Gerishon anaima kanthawi, ufa ukuyoyoka m'nsidze. Kenako anavula jekete, analipachika pamtengo, n'kutambasula dzanja lija la zala zinayi kuti awapatse munsi. A Falesi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwapatsa. Ana a oyandikana nawo anathamanga kukaitana amayi awo kuti adzaone mwamuna akusinja, ndipo pofika madzulo nkhaniyo inali itafika kale ku Matope.